Lipoti la ntchito: magetsi a kabati ya gemu imene anaisintha kuti izisewera Mortal Kombat II

Kabati imene lipotili likunena, bokosi lalikulu la gemu yoponyera tokeni, ndi ya m'ma 1980, yopangidwa ku Britain, ndipo inafika kuno m'kontena ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Panopa ili m'shopu ina ku Limbe, pambali pa matebulo a pool. Bolodi lake lakale, mbale ya zamagetsi imene imayendetsa gemu, linafa, ndiye mwini wake anagula bolodi la Mortal Kombat II, gemu ya kampani ya Midway ya mu 1993, pamodzi ndi mtolo wogwiritsidwapo kale wa mawaya a JAMMA, olumikizira bolodi ku kabati. Amene analumikiza zonsezi ndi munthu wokonza makompyuta. Iye anachotsa gawo lakale lopereka DC, magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire, n'kuikapo power supply ya kompyuta, ya mtundu wa ATX, yolembedwa 450W.

Madandaulo analipo anayi. Chithunzi chikubwera koma mawu palibe. Gemu ikatentha imadziyambiranso yokha, nthawi zina pa nthawi yeniyeni imene munthu waponya tokeni. Madzulo chithunzi chimachita mafunde m'mbali. Ndipo ana akagwira chitseko cha matokeni amamva kashoko. Mwini wake anali atagamula kale mlandu: "Amisiri, anandigulitsa bolodi lakufa. Power supply ndi yatsopano, 450W yathunthu, ingalephere bwanji kagemu kamodzi?"

Bolodi linalibe vuto lililonse. Zonse zinayi zinali za magetsi, koma chilichonse ndi gwero lake.

Zimene zimadya magetsi m'kabati

Anthu akamasintha gemu amaganizira bolodi lokha, pamene m'kabati muli zinthu za magulu atatu ndipo gulu lililonse limafuna magetsi akeake. Bolodi limafuna DC ya voteji yochepa koma yosagwedezeka. Monita ya chubu imafuna AC, mtundu wa magetsi a pakhoma, yodzera mu thiransifoma. Kenako pali tinthu totsala: nyali ya pamwamba yowalitsa dzina la gemu, timababu ta pa chitseko cha matokeni, ndi kauntala yowerenga matokeni. Poyamba zonsezi zinkachokera pa thiransifoma imodzi yaikulu ya pansi pa kabati. Gawo la DC litachotsedwa, tinthu ting'onoting'ono tija tinasowa kolowera, ndipo tinangomangiriridwa pa waya aliyense wamoyo amene anali pafupi.

JAMMA ndi dongosolo limene makampani a magemu a ku Japan anagwirizana chapakati pa zaka za m'ma 1980, kuti kabati imodzi izitha kulandira mabolodi osiyanasiyana. Konekita yake ili ndi mapini 56, mbali iliyonse 28, mbali ina ya manambala ina ya zilembo. Mapini 1, 2, A ndi B ndi a ground, njira yobwerera karenti, ndipo kumapeto kuli ena anayi a ground. Mapini 3, 4, C ndi D ndi a +5V. Pini 5 ndi E ndi a -5V, pini 6 ndi F ndi a +12V, ndipo pa 7 ndi H pamakhala kachotchinga koletsa kulowetsa bolodi mozondoka. Munthu akayang'anitsitsa kagawidwe kameneka amaona yekha kumene karenti yambiri imadutsa: +5V anaipatsa mapini anayi, ground mapini asanu ndi atatu, pamene ma voteji enawo mapini awiriawiri basi.

Kuyeza +5V

Ndinayeza gemu ikuyenda, chitseko cha kumbuyo chili chotseka mpaka m'kati mutatentha. Pa mawaya ofiira otuluka mu power supply panali 4.97V, ndipo apa ndi pamene wolumikiza uja anayeza n'kukhutira. Pa mapini 3 ndi 4 a konekita panali 4.71V. Pa miyendo ya IC imodzi (kachipu) ya banja la 74LS pakati pa bolodi panali 4.66V kabati ikangoyatsidwa, n'kutsika kufika pa 4.62V itatentha. Karenti yonse pa mzere umenewu inali pafupifupi 5A.

Ma IC a 74LS anapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Komanso mabolodi ambiri a zaka zimenezo ali ndi ka IC kolondera magetsi, monga MAX691, kamene kamayambitsanso purosesa voteji ikatsika kufika cha m'ma 4.65V. Ndiye bolodi limeneli linkakhala m'mphepete mwenimweni tsiku lonse, ndipo kugwedezeka kulikonse kunali kokwanira kuligwetsa.

Voteji inkathera m'mawaya. Mtolo wa JAMMA uja unali ndi mawaya awiri okha a +5V ndi awiri a ground, aliyense wa 0.5mm² komanso wautali mamita 1.5. Waya wotere amakhala ndi 0.035 ohm pa mita imodzi, kutanthauza 0.052 ohm pa mamita 1.5. Awiri oyendera limodzi amapereka theka lake, 0.026 ohm, koma karenti imapita n'kubwereranso, ndiye tabwerera pa 0.052 ohm. Tikachulukitsa ndi 5A tikupeza 0.26V, ndendende kusiyana kwa 4.97V ndi 4.71V. Zili ngati mpope wa kumapeto kwa paipi yopyapyala: thanki ikule motani, madzi amangobwera modontha. Yotsalayo inkathera pa konekita penipeni. Timano take tinali titafooka, ndipo pa bolodi mapini a +5V anali atayamba kuda. Malo otere akatentha amakana karenti kwambiri, akakana kwambiri amatenthanso kwambiri, ndipo n'chifukwa chake vuto linkadikira kuti kabati itenthe kaye.

Nkhani ya 450W ilibe ntchito pano. Bolodi limadya mawati osapitirira 25 pa +5V, mawati pafupifupi 12 pa +12V mawu akakwezedwa, ndi kachinthu kochepa kwambiri pa -5V. Zonse pamodzi sizifika 40W. Power supply ya kompyuta ya masiku ano inapangidwa kuti mphamvu yake yambiri izituluka pa +12V, ndipo zotsika mtengo zimawongolera +5V ndi +12V limodzi. Ukaikoka kwambiri pa +5V, pa +12V pali popepuka, +5V imatsika ndipo +12V imakwera. Yathuyi inkaonetsa 12.7V. Choipa kwambiri n'chakuti ilibe kachitsulo kopotokola kokwezera kapena kutsitsira +5V. Zimene yakupatsa ndi zomwezo.

Apa ndichenjeze anzanga a ntchito. Power supply yeniyeni ya makabati ili nako kachitsulo kameneka, ndipo chizolowezi cha ambiri ndi kungokapotokola mpaka gemu itasiya kuzima, ngakhale pa masikuluu ake pafike 5.4V. Kuteroko n'kubisa matenda. Konekita imapitiriza kupsa, ndipo tsiku limene wina adzatsuke mapini kapena kuikamo bolodi laling'ono, 5.4V yonseyo idzafika pa ma IC. Mabolodi amenewa sakupangidwanso. Konzani kaye njira, kenako mupotokole.

Kuzima kwa pa nthawi yoponya tokeni kunali ndi chifukwa china chowonjezera. Timababu tiwiri ta 6.3V ta pa chitseko, timene kale tinkadya pa thiransifoma, tinali titalumikizidwa pa waya yemweyo wa +5V, n'kumatenga pafupifupi theka la ampu. Kauntala nayonso, ya koilo ya 6V, inali pomwepo, yopanda dayodi. Tokeni ikagwa, koilo imakoka karenti mwadzidzidzi, ndipo ikasiya imabweza kavoteji kakuthwa m'mawaya. Kwa bolodi limene lili kale pa 4.62V, zimenezo n'zokwanira.

Kusowa kwa mawu

Ili linali losavuta. Pa pini 5 ndi E panalibe kanthu. Mortal Kombat II ili ndi bolodi lapadera la mawu, la dongosolo limene Midway inkalitcha DCS, ndipo gawo lake lotembenuza manambala kukhala mawu limafuna -5V. Popanda imeneyi gemu imayenda bwinobwino koma ili duu. Ma power supply akale a ATX ankakhala ndi waya woyera wa -5V, koma kuyambira cha m'ma 2003 waya ameneyu anayamba kusiyidwa, ndipo pa pulagi ya mapini 24 malo ake, pini 20, amakhala opanda kanthu.

Pali njira yopezera -5V kuchokera pa waya wabuluu wa -12V pogwiritsa ntchito LM7905, ka IC kowongolera voteji, ndi makapasita awiri. Imagwira, bola munthu akumbukire kuti miyendo ya 7905 siyendera dongosolo la 7805, mnzake wa +5V, ndipo chitsulo chake cha kumsana si ground, choncho sichimangidwa pa chitsulo cha kabati popanda chotchinga. Sindinaitsate njira imeneyi chifukwa ikanabweretsa mawu n'kusiya vuto la +5V lili pomwepo.

Thiransifoma ndi monita

Mbali imeneyi ndi imene inandidetsa nkhawa kuposa zonse, ngakhale kuti thiransifomayo inalibe vuto. Ndikumasula mawaya pansi pa kabati, mwini wake anati: "Nanga chitsulo cholemerachi chikutaninso? Bwanji osangochichotsa, ogula zitsulo andipatseko kenakake?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, china chilichonse muno tikhoza kukambirana, koma ichi chokha ayi. Chimenechi ndi chimene chaima pakati pa magetsi a pakhoma ndi manja a ana amene akusewera pano."

Monita yake ndi Hantarex MTC 9000 ya mainchesi 20, ya ku Italy, imene inali yofala m'makabati a ku Ulaya. Imafuna 128V AC yodzera mu thiransifoma yolekanitsa, ndi 220V ina ya koilo yochotsa maginito pa chubu. Kungoilumikiza pa 230V n'kuiotcha nthawi yomweyo. Koma ngakhale voteji itakhala yolondola, kulekanitsako n'kofunika pakokha. Monita za mtundu umenewu, monganso Electrohome G07 ndi Wells-Gardner K7000 za m'makabati a ku America, zimalowetsa AC molunjika pa madayodi anayi, ndipo mbali ya negetivu ya madayodiwo ndi imene imakhala ground ya monita yonse. Magetsi a pakhoma ali ndi waya mmodzi, neutral, amene ndi wolumikizidwa ku nthaka. Ukawalowetsa molunjika, chitsulo cha monita chimakhala chamoyo poyerekeza ndi nthaka, ndipo kudzera pa waya wa ground wa chithunzi, pini 14, magetsiwo amafika pa bolodi, pa chitseko cha matokeni ndi pa chitsulo cha mabatani. Kabati ikakhala ndi earth, fyuzi imaphulika ndipo madayodi amapsa. Ikakhala yopanda earth, ngati mmene inalili iyi, karenti imadzera mwa munthu amene wagwira.

Timathiransifoma ta m'mashopu totsitsa 220V kukhala 110V si tolowa m'malo. Tambiri tili ndi koilo imodzi yokha, ndiye timatsitsa voteji popanda kulekanitsa kanthu. Kuyeza kwake n'kwapafupi: magetsi atazimitsidwa, ikani mita pa ohm pakati pa waya wolowa ndi wotuluka. Ikaonetsa kuti pali njira, imeneyo si yolekanitsa. Ya m'kabatiyi inadutsa mayeso amenewa, komanso a mita yoyeza insulation pa 500V. Monita zina zatsopanoko zili ndi gawo lawo lolekanitsa ndipo sizifuna thiransifoma, koma zimenezo munthu amatsimikiza powerenga dzina la chassis, osati poganiza.

Mafunde a madzulo anachokera ku zinthu ziwiri. Thiransifoma inali pa tapu, malo olumikizira waya wolowa, ya 240V, monga mmene inkagwirira ntchito ku Britain. Masana pa soketi ya m'shopu pamakhala pafupifupi 231V, ndipo monita imalandira 123V, zimene zili bwino. Madzulo ndinapeza 208V pa soketi, kutanthauza 111V ku monita. Pamwamba pa zimenezo, kapasita yaikulu yosefa ya m'monita inali itauma ndi ukalamba. Voteji ikatsika, gawo lowongolera limasowa pogwira ndipo kugwedezeka kwa AC kumalowa m'chithunzi. Popeza gemu imeneyi imajambula chithunzi pafupifupi ka 55 pa sekondi pamene magetsi athu ndi a 50Hz, ziwirizi siziyendera limodzi, ndiye funde silikhazikika malo amodzi, limangoyendayenda.

Ndinalingalira zosamutsira waya pa tapu ya 220V. Madzulo monita ikanalandira 121V, masana 134V. Koma usiku kwambiri magetsi akakwera kufika 245V ikanalandira kupitirira 142V, thiransifoma nayonso ikanatentha. Kwa zipangizo za zaka pafupifupi 40, ndinaona kuti kupereka mopitirira n'koopsa kuposa kupereka moperewera. Tapu ndinaisiya pa 240V, ndinasintha kapasita, ndipo kunja kwa kabati tinaika AVR, chipangizo chokhazikitsa voteji, ya 1000VA. Musanagwire chilichonse pa monita, chubu chiyenera kutsitsidwa mphamvu, chifukwa chimagwira ntchito ndi voteji yoposa 20,000V ndipo chimasunga ina ngakhale pulagi itazulidwa.

Kashoko ka pa chitseko

Waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu, anali woduka m'kati mwa pulagi. Pulagi ya ku Britain imalowa bwino m'masoketi athu chifukwa ndi ya mtundu umodzi, ndiye palibe amene anaitsegulapo. Pa khomo lolowera magetsi, kabati ili ndi kabokosi kosefa phokoso, ndipo power supply nayonso ili ndi kake. M'timabokosi timeneti muli timakapasita tochokera pa live ndi pa neutral kupita ku earth. Earth ikaduka, timakapasitati timakweza zitsulo zonse kufika pa theka la voteji ya pakhoma. Pa chitseko mita inaonetsa 112V. Karenti yake ndi yochepa, n'chifukwa chake inkangoluma pang'ono, koma tanthauzo lake n'lakuti tsiku limene waya wamoyo akanakhudza chitsulo, panalibe chimene chikanaphulitsa fyuzi. Pansi m'shopumo ndi pa simenti ndipo ana ambiri amabwera opanda nsapato. Vuto limene mwini wake analitchula pomalizira ndi limene linayenera kukhala loyamba.

Zimene zinachitidwa

ATX inachotsedwa. M'malo mwake munalowa power supply ya makabati yolembedwa +5V 16A, +12V 4A ndi -5V 1A, yokhala ndi kachitsulo kopotokola. Kaswichi kake ka 110V ndi 220V ndinakatsimikiza ndisanalumikize, n'kukamata kuti wina asakasunthe. Imadya kumbali ya magetsi a pakhoma, fyuzi ndi kabokosi kosefa zitadutsa kale. Kumbali yolekanitsidwa ya thiransifoma kuli monita yokha, ndipo kuyenera kukhala choncho: ukapachikako china, waisenzetsa thiransifoma katundu amene sanaikonzere, ndipo ukhoza kuwononga kulekanitsa kumene ukuifunira.

Konekita ya JAMMA ndi yatsopano. Mawaya a +5V ndi anayi a 1mm², pini iliyonse wake, a ground enanso anayi, ndipo ndinasendeza power supply pafupi kuti utali ukhale mamita 0.8. Mapini a pa bolodi ndinawatsuka ndi labala ndi isopropyl. Sandipepa ayi, imachotsa kachitsulo kokutira ndipo kenako dzimbiri limalowa. Timababu ta pa chitseko tsopano ndi ta 12V, kauntala ndi ya 12V yokhala ndi dayodi ya 1N4004, mzere wa dayodiyo utaloza ku +12V. Nyali ya pamwamba inali ya chubu chakale cha sitata, imene inkaphethira magetsi akatsika, ndipo tinaikamo ya LED ya 230V.

Earth tsopano ikuchoka pa pulagi kufika pa bawuti imodzi pansi pa kabati, ndipo kuchokera pamenepo waya wakewake akupita ku chitseko cha matokeni, ku chitsulo cha mabatani, ku felemu ya monita, ku thupi la thiransifoma ndi ku sikuluu ya earth ya power supply, yolembedwa FG. M'pulagi munali fyuzi ya 13A, ndaikamo ya 5A. M'kati mwa kabati, pamene panayenera kukhala fyuzi panali kawaya kokulungidwa. Pamenepo tsopano pali fyuzi ya T3.15A, yochedwa kuduka, chifukwa koilo yochotsa maginito imakoka karenti yambiri kwa kamphindi poyatsa ndipo fyuzi yofulumira ingamangoduka popanda vuto. Kabati yonse ikamayenda imadya pafupifupi 160W.

Poyatsa koyamba bolodi silinalimo. Ma power supply ambiri a mtundu umenewu sakhazikika akakhala opanda katundu pa +5V, ndiye ndinapachikapo babu la galimoto la 12V 21W, limene pa 5V limakoka pafupifupi ampu imodzi. Ndinatsitsa kufika pa 5.00V, ndinayeza pini iliyonse ya magetsi pa konekita kuti palibe waya wosemphana, kenako ndinazimitsa n'kulowetsa bolodi. Kupotokola komaliza kunachitika mita ili pa miyendo ya IC ija, gemu ikuyenda.

Zotsatira

Kabati itatentha, pa masikuluu a power supply pali 5.10V, pa konekita 5.07V, pa IC 5.03V. Pa +12V pali 12.2V, pa -5V pali -5.05V. Ku monita kukufika pakati pa 120V ndi 125V kaya masana kaya madzulo. Mawu akumveka, mafunde anatha, ndipo pakati pa chitseko ndi pini ya earth ya pulagi pali ohm yosakwana imodzi. Inayenda tsiku lathunthu ili yotseka, matokeni akuponyedwa, osazima. Konekita ukaigwira ndi yofunda chabe.

Zotsala ndi ziwiri, ndipo zonse zili m'manja mwa mwini wake. Earth ya soketi ya m'shopumo ndi yokayikitsa ndipo pa bokosi la magetsi palibe RCD ya 30mA, chipangizo chodula magetsi karenti ikathawira ku nthaka. Zimenezo ndi ntchito ya wamagetsi wa m'nyumba amene ali ndi chilolezo, ndipo ndawapempha kuti asazengereze, chifukwa earth imene ndamanga m'kabati imathera pa soketi imeneyo. Ndawauzanso kuti magetsi akathima asamaiyatse pa kajenereta kakang'ono kamene voteji yake imavina firiji ikaliza.

Anandifunsanso ngati angamasinthanitse bolodi limeneli ndi timabolodi tatsopano ta magemu ambirimbiri. N'zotheka, koma kulowa pa konekita ya JAMMA sikutanthauza kudya mofanana. Timabolodi timeneti timakoka karenti yochepa kwambiri pa +5V, tina timadalira +12V, ndiye voteji imene yaikidwa poganizira 4.5A ya bolodi la Mortal Kombat II imakwera katundu akachepa. Mabolodi a magemu ena nawonso amasiyana. Neo Geo MVS ya SNK safuna -5V. Magemu a Williams ngati Defender ali ndi ma RAM a 4116 amene amafuna +5V, +12V ndi -5V zonse zitatu, ndipo amawonongeka -5V ikasowa. Sega NAOMI ya mu 1998 imafunanso 3.3V, imene power supply yathuyi ilibe. Bolodi lenileni la Pac-Man la mu 1980 limalandira AC kuchokera pa thiransifoma n'kudzipangira lokha DC. Pa kusintha kulikonse, kachitsulo kabwerere kaye pa 5.00V bolodi lisanalowe, ndipo muyeso womaliza utengedwe pa IC ya bolodi latsopanolo kabati itatentha.